Diso la Kondakitala ndi ulemu wa mpongozi wanga

Mwana wanga Lameki amaweta nsomba zosadyedwa. Ndayambira pamenepa kuti wofuna kuseka asekeretu, kenako tikambe nkhani.

Lameki ndi dalaivala wa thiraki. Amakatenga katundu ku Dar es Salaam n'kubwera naye kuno ku Lilongwe. Anzake akapita kumeneko amagula zitenje, nsapato ndi mafoni. Iye adagula tinsomba ta m'nyanja yamchere, tating'ono ngati chikhatho cha khanda, n'kutiika mu thanki ya galasi pabalaza pake ku Biwi. Ulendo uliwonse amabwera ndi zigubu za madzi a kunyanjako, chifukwa m'madzi athu apampopi nsombazo sizikhalamo. Mwamva bwino. Munthu kukatunga madzi ku Tanzania, mpopi uli pakhomo.

Ndidamuuza maganizo anga tsiku loyamba lomwelo. Ndidati chiweto chimene sungaphere mlendo si chiweto, ndi bwana. Iye adaseka. Ine sindidaseke.

Koma zoona zinenedwe, n'zokongola. Pali ina yachikasu ya mizere yakuda, yosakhazikika. Imangoyenda uku ndi uku m'mbali mwa galasi, kukamwa kuli yasa, ngati ikuitanira anthu okwera minibasi ya ku Area 23. Mkazi wa Lameki adaitcha Kondakitala. Ine ndikafika kumeneko ndimakhala pampando woyang'anizana naye. Si kuti ndimamukonda. Mpandowo ndi wabwino, basi.

Mkazi wa Lamekiyo ndi Nankhoma. Adalowa m'banja mwathu chaka chatha. Ndi mwana wofatsa, wogwada popereka madzi, wosakweza mawu. Alongo ake a Lameki sadamulandire bwino. Amati ndi wosasamala, ndipo umboni wawo ndi umodzi wokha: nsombazo poyamba zidali zisanu, imodzi idafa Lameki ali pa ulendo. Atabwera adakalipa, awiriwo adatha sabata osayankhulana, mpaka ankhoswe adatsala pang'ono kuitanidwa. Mtima wapachala Lameki adatengera ine, sindikana.

Ndiye kumayambiriro kwa Okutobala, ponyamuka ulendo wina, Lameki anauza mkazi wake ine ndikumva: "Nsombazi ndasiya m'manja mwanu. Zinayi ndasiya, zinayi ndidzapeze."

Ine ndimakhala ku Kawale. Kuchoka kwathu kufika ku Biwi si mtunda woti munthu n'kukwera minibasi. Ndinaganiza zoti ndizipita mmawa uliwonse kukaona pakhomo pa mwana wanga. Palibe anandituma.

Tsiku loyamba ndinapeza Nankhoma akudyetsa nsomba. Anatsegula kachitini, n'kutsina kachakudya ndi zala ziwiri ngati fodya wa mphuno, n'kuwaza pamadzi. Basi, n'kutseka.

"Mwatha?"

"Ee, Abambo. Kamodzi pa tsiku."

Ndaweta nkhuku zaka makumi anayi. Ndawetapo mbuzi ndi nkhunda. Chiweto chimadya. Mawa lake ndinabwera ndi usipa m'thumba la jekete, ndinaufikisa m'manja, ndinawonjezera nyenyeswa za buledi, n'kuthira. Nsomba zonse zinathamangira.

"Mwaona? Njala imeneyo."

"Ee, Abambo."

Kenako ndinaona china. Lameki adamata katepi pagalasi posonyeza pamene madzi ayenera kulekezera. Ndi dzuwa la Okutobalali madzi anali atatsika zala ziwiri. Ine ndidali kapitawo wa amisiri omanga nyumba zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Sukulu ndidalekezera pulayimale, koma kuganiza ndimatha. Ndinati: atuluka ndi madzi amchere, alowenso madzi amchere. Zigubu za Lameki sindinafune kuziwononga. Ndinatunga madzi pampopi, ndinatapa mchere kukhitchini, ndinavundula, ndinalawa, n'kuthira mu thanki.

Nankhoma anaima pakhomo la kukhitchini, manja atagwirana.

"Abambo, mwina..."

"Mwina chiyani?"

"Ayi, palibe."

Ndinamva "palibe" chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva.

Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi Kondakitala sanabwere pagalasi. Anabisala kuseri kwa mwala, pakona. Nditasuzumira ndinaona diso lake lakumanzere litatupa, litatuluka ngati njere ya chimanga, loyera ngati alipaka phala. Linalo nalo linali litayamba chifunga. Madzi ankamveka kafungo. Tsiku lomwelo kunabwera uthenga woti thiraki ya Lameki yawonongeka ku Tanzania, akudikira chitsulo, sabata ziwiri zisanduka zinayi.

Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinaganiza kuti ine ndikachoka, Nankhoma sasamala nsomba. Nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga kuti mwina ana athu aakazi aja sananame. Ndinanena zimenezo ndi pakamwa panga. Ndikulemba pano kuti ndichite nazo manyazi pagulu.

Mawa lake ndinatenga kachubu ka mankhwala a maso kamene kadatsala mkazi wanga atadwala maso chaka china. Ndinakaika m'thumba. Ndinadyetsa nsomba monga mwa masiku onse, ndinathira madzi anga amchere, ndinati mankhwalawa ndiyambe ndaganiza kagwiridwe ka nsombayo. Cha m'ma 10 koloko ndinatsanzika. Nditafika pamsewu wa tala dzuwa linandikumbutsa kuti chipewa ndasiya pampando. Ndinabwerera.

Chitseko chinali chotsegula. Ndinapeza Nankhoma atagwada pafupi ndi thanki, kapaipi kali kukamwa. Anayamwa kamodzi, n'kulozetsa kapaipiko m'beseni. Mbali ina ya kapaipiko ankaiyendetsa pansi pa thanki, pakati pa timiyala. M'besenimo munkagwa usipa wanga ndi buledi wanga, zitawola, zakuda bii. Pakhoma panali zigubu zinayi za Lameki. Zitatu zinali zopanda kanthu.

Atandiona anadzidzimuka, madzi anatayikira pansi.

"Mukuchita chiyani?"

"Ndikuchotsa zotsala, Abambo."

"Zotsala za ndani?"

Anayang'ana pansi.

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Tsiku lomwe munayamba inuyo, Abambo. Mukatuluka ndimachotsa zomwe ndingathe, n'kuthira madzi abwino. Kungoti sindikuzikwanitsa. Madzi a kunyanja atsala chigubu chimodzi."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Ndikanayambira pati, Abambo? Kwathu adandilangiza kuti apongozi sawadula mawu."

Ndinakoka mpando wanga uja. Ndinakhala.

"Khalani pampando apo," ndinatero.

"Pansi pompano ndili bwino, Abambo."

"Ndati pampando. Lero kapitawo ndinu. Ndiuzeni zonse, musasiye kanthu."

Anakhala m'mphepete mwa mpando ngati ukutentha. Anayamba ndi funso.

"Abambo, nyemba zikaphwa madzi pamoto, timawonjezera madzi okha, kapena madzi ndi mchere?"

"Ine sindiphika."

"Madzi okha, Abambo. Chimauluka ndi madzi. Mchere umatsala mumphika momwemo. Mukawonjezeranso wina, ndiwo sizidyeka."

Ine amene ndaona khoma la njerwa likutuluka mchere woyera madzi atauma, kambirimbiri, ndinalephera kuganiza zimenezi! Masiku onse aja ndinkaunjika mchere pamwamba pa mchere. Anandiuzanso kuti mchere wa kukhitchini si wofanana ndi wa m'nyanja. Madzi akatsika ndi dzuwa, amathira apampopi opanda kanthu, oyamba agonetsedwa mu ndowa masiku awiri.

"Nanga chakudya? Zimathamangira ndikathira."

"Zimathamangira nthawi zonse, Abambo, ngakhale zitakhuta. Chimene zasiya chimawolera pansi. Nkhuku ikaipitsa m'khola imatuluka kukapuma panja. Nsomba ilibe kotulukira. Momwe ikudyera ndi momwe ikupumira."

Anati diso likatupa limodzi lokha, kawirikawiri nsomba imakhala kuti yadzigunda pamwala, ndipo limaphwa lokha. Koma onse awiri akayamba kuyera, wolakwa ndi madzi. Izi adaziphunzira kwa mwamuna wake, zina adalemba m'kabuku nsomba yoyamba ija itafa, kuti zisadzachitikenso m'manja mwake.

Pamenepo ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kachubu kanga kaja. Ndinati mwina kangathandize.

Nankhoma anakayang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anagwira pakamwa ndi chitenje. Mapewa ankagwedezeka. Chilowereni m'banja mwathu ndinali ndisanamumvepo akuseka.

"Pepani, Abambo. Kungoti... amugwirira mutu ndani? Ndipo timuuza kuti aphethire?"

Ndinabweza kachubuko m'thumba. Sindinaseke, koma ndinatsokomola nthawi yaitali.

Funso lomaliza ndi limene linandipweteka yankho lake.

"Lameki akabwera n'kupeza nsomba yafa, mukanamuuza chiyani?"

"Kuti ndinaiwala kusintha madzi."

"Limenelo ndi bodza."

"Ee, Abambo. Koma akanakalipira ine masiku angapo n'kuiwala. Zoti mwana ayambane ndi bambo ake ine ndili pakati, ayi."

Taganizani. Mwana wa eni ake anali wokonzeka kusenza mlandu wanga, kunyozedwanso ndi alamu ake, mwina mpaka kukaonekera kwa ankhoswe, kuti nkhalamba imene sinatumidwe ndi munthu isachite manyazi.

Tinayamba ntchito tsiku lomwelo, iye akulamula, ine ndikumvera. Lameki ali ndi kathanki kena kakang'ono kosungiramo nsomba zatsopano. Tinathiramo madzi a m'chigubu chotsala chija. Kondakitala tinamutunga ndi kapu, osamukhudza ndi manja, n'kumuika yekha m'menemo kuti anzake asamujompholere diso. Nankhoma anaphimba mbali zitatu ndi chitenje, akuti diso lodwala silifuna kuwala. Masiku awiri sanamupatse chakudya. Kenako kotsina kaja, kochepa kuposa kale. Madzi ankasintha pang'onopang'ono, jagi imodzi pa tsiku, osati onse nthawi imodzi.

M'kabuku kake munalembedwanso za mchere wina wothandiza kuphwetsa chotupa. Atanditchulira ndinauzindikira. Ndi uja akale tinkamwa potsuka m'mimba, wowawa ngati ndulu. Ndinakaugula ndekha m'tauni, kusitolo ya mankhwala. Woyeza anali iye, ndi kasupuni kakang'ono, motsata kabukuko. Ine sanandilole kugwira supuni. Anati pakatha sabata osasintha, tikafunse odziwa za mankhwala a ziweto, tisalote.

Ntchito yanga inali kunyamula ndowa, ndiponso magetsi akazima kulumikiza pampu ya mpweya ku batire lakale la thiraki. Ntchito yachitatu inali kuika manja m'thumba. Imeneyo ndiyo inandivuta koposa. Munthu wodwala timamuonetsa chikondi pomupatsa chakudya ndi kumuunjikira mankhwala, aliyense wobwera kudzazonda ndi ake. Nsomba iyi inkafuna madzi oyera, mdima ndi kusiyidwa.

Tsopano ndiyankhule nanu, akuluakulu anzanga.

Ine ulemu ndimaufuna. Mwana wondipatsa moni manja ali m'thumba ndimamubweza. Sindisintha pamenepo. Koma masabata awa ndakhala ndikudzifunsa: ulemu umene tidaphunzitsa anawa ndi wotani, woti aziona munthu wamkulu akuthira mchere pamwamba pa mchere, iwo n'kumati "Ee, Abambo"?

Ndakumbukira khoma lina, kale ndili pantchito. Ndidakoka chingwe molakwika. Amisiri anayi adamanga motsata chingwe changacho mpaka kufika pawindo. Onse adaona kuti khoma lapendeka. Palibe adayankhula. Titaligwetsa ndidawakalipira iwo. Mmodzi adangoti, "Timayesa mukudziwa, akapitawo." Nthawi imeneyo ndidamva ngati ulemu. Lero ndikuona kuti adali mantha, ndipo mantha amenewo ndidawabzala ndine.

Khoma limamangidwanso. Nanga diso la khanda? Ndani mwa inu sadaonepo agogo akufinyira madzi a masamba, kapena kuthira shuga, m'diso lofiira la mdzukulu, mayi wa mwanayo ali chilili pambali? Mayiyo kusikelo adamuuza kuti asamatero. Akudziwa. Koma amene agwira mwanayo ndi apongozi ake, ndiye angoluma mlomo. Mwana akadzapunduka diso tidzati ndi tsoka, kapena tidzaloza nyumba ya wina.

Pitani m'maofesi, muzipeza. Kalaliki akuona kuti bwana walemba zolakwika, koma akuti "Inde bwana," n'kukakonza mobisa bwanayo atapita kukadya. Zikakanika kukonzeka, mlandu ndi wa kalaliki. Kutchalitchi mkulu wa mpingo ayambitsa nyimbo pamwamba poti palibe angafikepo, mpingo wonse n'kumakuwa ngati mbuzi yomangidwa, osapezeka woti tiyambirenso.

Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Chabwino. Nanga moto ukayambira m'dambo momwemo, azimitse ndani, poti ana tidawaletsa kupondamo?

Achinyamata musawombe m'manja msanga. Sindikunena za mwano uja wa pasiteji, woti munthu wa imvi mukumuti "madala, sunthani." Umenewo ndi uchitsiru, ndipo ndidzaudzudzula mpaka tsiku londiika m'manda. Nankhoma sanandinyoze. Anandifunsa funso la nyemba, ine ndinadziweruza ndekha. Njira yowongolera wamkulu ilipo, ndipo ana olangizidwa bwino amaidziwa.

Chimene chimasowa ndi khomo. Mwana uja anagogoda tsiku loyamba lomwe ndinathira mchere. Anati, "Abambo, mwina." Ine ndinatseka ndi mawu awiri. Safunsa adadya phula, timatero pophunzitsa ana. Sindikumbuka pamene mwambiwu udalembedwa kuti umathera pa zaka makumi asanu.

Lameki anafika Lolemba lapitali masana, ine ndili pomwepo. Moni anapereka wothamanga, maso ali ku thanki. Anawerenga. Zitatu. Nkhope inasintha, ndinaiona, chifukwa ndi nkhope yanga yomwe.

"Kondakitala ali kuti?"

Nankhoma anagwada. "Ndi ine amene..."

"Khalani chete, Nankhoma," ndinatero. "Iwe Lameki, khala pansi."

Anakhala.

"Nsomba yako ndinaidwalitsa ndine. Ndinaidyetsa usipa ndi buledi, ndinathira mchere wa kukhitchini. Palibe anandituma. Mkazi wakoyu ndiye waipulumutsa, ndipo akanapanda iye ukanapeza thanki ya madzi okhaokha."

Lameki anandiyang'ana ngati wamva thiraki yake ikuyankhula.

"Bambo, inuyo?"

"Ndanena kamodzi. Sindibwereza."

Anapita pa kathanki kaja n'kuvundukula chitenje. Kondakitala anatulukira, kukamwa yasa. Kutupa kunali kutaphwa. Diso lakumanja linali litachiriratu. Lakumanzere latsala ndi kadontho koyera, mwina kadzatha, mwina ndi chipsera changa chimene adzafe nacho. Lameki anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mkazi wake.

"Zikomo, amayi," anatero, mawu ali pansi.

"Alongo ako ukawauze wekha zimenezi," ndinamuuza. "Ukapanda kutero ndikawauza ine, ndipo sizikawakomera."

Kenako ndinayankhula ndi Nankhoma, mwamuna wake akumva. Ndinati kuyambira lero, mukaona ndikulakwitsa, mundiuze pamaso. Mwalandira chilolezo kwa mwini wake.

"Chilichonse, Abambo?"

"Chilichonse."

Anayang'ana mwamuna wake. Mwamuna wake anayang'ana kudenga.

"Diso lanu lakumanja, Abambo. Layamba kuyera. Mukamathira tiyi mumaphonya kapu. Tonse tidaona kalekale."

"Nonse ndani?"

"Amayi, a Lameki, alamu anga onse. Timangopukuta patebulo."

Ndinkadziwa. Chaka chonse ndakhala ndikuona ngati kuli utsi mbali imodzi, koma ndinkayesa ndabisa. Nditafika ku Kawale ndinafunsa mkazi wanga, amene ndakhala naye zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, chifukwa chimene sanandiuzire. Sanasiye n'komwe kusankha mpunga wake.

"Ndikanakuuzani mukanamva, inu?"

Lachinayi likubwerali ndikupita kuchipatala cha maso. Akuti ng'ala amachotsa, munthu n'kuonanso. Wondiperekeza ndi Nankhoma. Ndamusankha ndekha, chifukwa adokotala akanena zoti sindikuzifuna, pafunika munthu woti adzandibwerezere kunyumba osachotsapo kanthu.

Inu amene mukuwerenga muli ndi imvi ngati zanga, tchulani dzina limodzi. Pakhomo panu, ndani angakuuzeni pamaso kuti mwalakwa, n'kugona mtima uli m'malo?